Chitenje cha Abiti Saidi pa Kabati ya Galasi

Lachiwiri, mwezi wa Juni, chaka chachitatu ndili pa penshoni

Lero ndadzuka mtima uli wopepuka ngati wa mwana amene walonjezedwa ulendo, koma chifukwa chake sindinachidziwe msanga. Nditatsegula zenera ndapeza phiri lonse labisala m'nkhungu, kwangotsala nsonga za mitengo ya paini zikuyandama ngati zilibe mizu. Pamenepo ndakumbukira kuti ndalota ndili ku myuziyamu, ndikupukuta magalasi, mvula ikugogoda pa malata.

Ana anga, inu Tiyamike, Madalitso ndi Chisomo, mukudziwa kuti chizolowezi cholemba m'kope tsiku ndi tsiku ndinachiyamba ndili Folomu 2. Aphunzitsi athu anatiuza kuti tsamba lililonse liziyamba ndi mmene wadzukira, lizitha ndi chimene uchite mawa. Anzanga anasiya teremu isanathe. Ine makope anga adzaza sutikesi ya pansi pa bedi, ndipo ndi amene ndikuwatsegula polemba mbiri iyi. Mutu uno ndi wa mmene ndinatsala pang'ono kutaya ntchito chifukwa cha chinthu chimene ndinkachipukutira galasi m'mawa uliwonse osachidziwa. Ndaufulumiza chifukwa dzulo anandiimbira foni a Mayi Mbewe, mtsikana wophunzira bwino amene akuyang'anira myuziyamuyo masiku ano. Akufuna kujambula zinthu zonse kuti aliyense aziziona pa foni, kaya ali ku Matawale kaya ali kunja kwa dziko. Anandifunsa ngati angajambulenso za m'bokosi lina limene limakhala lotseka. Ndinawapempha kuti andipatse masiku awiri.

Chaka choyamba pa ntchito, mwezi wa Okutobala

Ndinayamba ntchito nditangomaliza Folomu 4, jakaranda atachita maluwa, msewu wonse wa m'tsinde mwa phiri uli ngati wayalidwa nsalu. Myuziyamu yathu inali nyumba yakale ya njerwa zofiira, ya khonde lalikulu ndi zipinda zitatu. Munali miphika, malichero, mikondo, misampha ya nsomba ya ku Chilwa, ndi zithunzi za azungu ovala zipewa zazikulu. Pansi pake tinkapaka polishi wofiira mpaka munthu nkumadziona nkhope. Tsiku loyamba ndinalemba m'kope kuti ndapeza ntchito yosunga dzulo la anthu onse a ku Zomba, ndipo mawu akuti "onse" ndinawadula mzere pansi kawiri.

Bwana wanga anali a Makwinja, bambo wamtali wa taye yaifupi, amene anakaphunzirako za ntchitoyi kunja kwa miyezi yochepa nabwerako ndi mawu apansipansi ngati a pa maliro. Sanali munthu woipa. Chinthu chilichonse m'nyumbamo ankachidziwa nambala yake pamtima, ndipo denga likadontha ankavula jekete lawo nkuphimba kabati. Malamulo awo anali atatu: usagwire chinthu ndi manja osavala, usasinthe kapepala kofotokoza chinthu, usasunthe kanthu popanda kalata yochokera ku likulu. Ine ndinalembedwa mongoyembekezera. Kalata yondikhazikitsa pa ntchito inkadikira dzanja lawo, ndipo ankaisunga m'fayilo yobiriwira pa desiki, pamalo poti ndiziiona ndikamabweretsa tiyi. Wachitatu pa ntchitopo anali Che Jafali, mlonda amenenso ankasamala bwalo, nkhalamba ya kofia yoyera. Iwo ankasesa khonde lonse, koma akafuna kulowa m'nyumba ankazungulira kukhomo lakuseri. Ine ndinkati akulemekeza polishi.

Kulowa kunali kwaulere ndipo chitseko chinkakhala chotsegula, koma obwera anali azungu opita pamwamba pa phiri, ana asukulu a pamzere, ndi ophunzira a ku koleji othawa dzuwa. Amayi a ku Matawale, a ku Mtiya, a ku Songani, ankadutsa pageti ndi madengu awo osacheuka. Zinkandipweteka. M'kope la chaka chimenecho muli tsamba lakuti: "Lero palowa anthu anayi. Mawa ndipukuta magalasi kawiri, mwina akawala kwambiri anthu adzakopeka."

Kabati imene ndinkaipukuta ndi mtima wonse inali yoyang'anizana ndi khomo. Munali thabwa losemedwa ngati khosi la munthu, lokutidwa ndi nsalu yakuda, ndipo pa khosipo anazunguliza katatu mikanda ing'onoing'ono ngati njere za mawere, yofiira, yoyera ndi yakuda. Kapepala kake, kotayipidwa m'Chingerezi ndi mzungu amene anayambitsa nyumbayo, kankati ndi mikanda ya m'khosi imene amayi ankavala pa magule. Dzuwa la m'mawa likalowa pakhomo linkagwera pomwepo, mikanda ija nkumanyezimira ngati yanyowa. A Makwinja ankayambira pamenepo poonetsa alendo. Ine ndinkaima ndi kansalu m'manja nkumamuona m'maganizo mwini wake, mtsikana wa msinkhu wanga, akuvina pabwalo, fumbi likukwera, mikanda ikudumphadumpha pa chifuwa.

Mwina mukudabwa kuti mayi wanu analephera bwanji kuzindikira. Agogo anu aakazi anamwalira ndili wamng'ono. Ndinakulira ku Mtiya m'manja mwa abambo, mphunzitsi ndiponso mkulu wa mpingo, pakati pa alongo atatu. Ku chilangizo amayi a mpingo anatiuza za ukhondo ndi ulemu, zina ndinkangozimva m'manong'onong'o a kusukulu osaziona ndi maso. Komanso ine chinthu chotayipidwa ndinkachikhulupirira kuposa maso anga.

Chaka chachitatu pa ntchito, mwezi wa Januwale

Kunja kwa geti kunali mtengo wa mango, ndipo pansi pake pankakhala amayi ogulitsa nthochi ndi zitumbuwa. Wamkulu wawo anali Abiti Saidi a ku Songani, mayi wamfupi wa mawu aakulu, wa mpango wophimba mutu ndi mapewa. Masana ndinkakhala nawo pa muzu wa mango. Kangapo konse ndinawapempha kuti alowe adzaone zinthu za makolo awo, ndipo yankho lawo linali limodzi: "Mwanangu, ndidzalowa eni nyumba akadzavala." Anzawo ankaseka nkumayang'ana kumbali. Ine ndinaganiza kuti akunena siketi yanga, moti ndinakaimasula mpendero kuti ifike m'munsi mwa mawondo. Atandiona nayo anaseka mpaka kutsamira dengu, koma sanalowe.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Lachinayi. A Makwinja anali atapita ku msonkhano. Cha m'ma 2 koloko mtambo unatsika m'phiri monga umachitira kuno kwathu, wosachenjeza, ndipo mvula inabwera ndi mphepo. Amayi aja anathamangira pa khonde ndi madengu awo, ena ndi makanda kumbuyo. Mvula inkalowa cham'mbali nkumawamenya pomwepo, koma onse anaima atafulatira chitseko chotsegula. Ndinatuluka nkuwadandaulira kuti alowe chifukwa cha ana. Palibe anasuntha. Khanda lina litayamba kutsokomola, Abiti Saidi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamasula chitenje chawo chapamwamba, chobiriwira cha maluwa achikasu. Anavula masilipasi, nalowa cham'mbali nkhope atatembenuzira kukhoma, nkuponya chitenje chija pa kabati ya mikanda. Anachikonza bwino m'makona monse ngati akufunditsa wodwala. Atatero anaitana anzawo kuti njira yatseguka.

Zimene ndinaona masana amenewo ndimazilotabe. Nyumba imene zaka zoposa ziwiri inkangomva nsapato za a Makwinja inadzaza ndi mawu. Amayi ankayenda osavala nsapato pa polishi uja, mapazi onyowa akusiya zidindo, akuitanizana kuchokera chipinda china kupita china. Mphika umene kapepala kankati ndi wotungira madzi iwo anati ndi nkhate yosambira, ndipo mmodzi anandionetsa mmene pakamwa pa mphikawo panatakasukira. Wina anazindikira mizere ya pa mtsuko kuti ndi ya oumba a kwawo kwa amayi ake. Wina anaima pa mtondo nkuyamba nyimbo yosinjira, anzake nkumuyankha, mvula ikuwomba ng'oma pa malata. Ngakhale Che Jafali analowa, ndipo kanali koyamba kuwaona akudzera khomo lakutsogolo. Ine ndinkangothamanga uku ndi uku ndi pensulo, kulemba kuseri kwa envelopu.

Mvula itakata, Abiti Saidi anauza onse kuti atuluke kaye asanachotse chitenje chawo. Titatsala awiri ndinawafunsa chimene anaphimbira kabatiyo, popeza ndi imene inali yokongola kuposa zonse.

"Iwe, mayi ako ali kuti?"

"Anamwalira ndili wamng'ono."

Anandigwira pa mkono. "Basi, si mlandu wako. Koma tayeza ndi maso. Mkanda wozungulira katatu, khosi lake la munthu kapena la ng'ombe? Imeneyo ndi ya m'chiuno, mwanangu. Amaiona mwini wake, mwamuna wake, ndi amayi amene adzamusambitse tsiku lomaliza. Inu mwaiyanika pakhomo, ana asukulu akuloza ndi chala. Ine ndilowe muno ndi mwana wanga wamwamuna, maso ndiika pati?"

Anandiuzanso kuti mkazi savula mikanda yotere nkupereka kwa mlendo pokhapokha m'nyumba mwalowa njala, apo ayi ndiye kuti anaichotsa pa thupi lake atamwalira. Kaya anali ndani, anatero, mayi ameneyo wakhala ali wosavala pakhomo pathu zaka zonsezo, ndipo tauni yonse inkadziwa kupatula ife a m'katimo. Za tanthauzo la mitundu itatu ija anandifotokozera tsiku lina, koma sindilemba pano, chifukwa bukuli muwerenganso inu Madalitso, mwana wamwamuna.

M'mawa mwake ndinakauza a Makwinja zonse, ndili ndi chikhulupiriro chakuti asangalala. Anamvetsera akuwongola mapensulo pa desiki. Kenaka anati, "A Esinati, myuziyamu si mudzi. Ntchito yathu ndi kuonetsa, osati kubisa. Tikayamba kufunsa aliyense wogulitsa nthochi, titsala ndi makoma okha." Anati ngati ndikufuna ndilembe kalata, iwo aitumiza ku likulu. Tonse tinkadziwa kuti kalata yathu yopempha mababu inali itatha zaka ziwiri osayankhidwa, ndipo chipinda chapakati tinkaonetsa alendo ndi tochi. Pomaliza anandikumbutsa kuti pakatha masabata awiri kubwera akuluakulu a ku likulu kudzayendera nyumbayo, ndipo nkhani yondikhazikitsa pa ntchito idzatha tsiku lomwelo. Pakunena izi anaika dzanja pa fayilo yobiriwira ija.

Masabata awiri amenewo ndinkayenda ngati munthu wa malungo. Agogo anu aamuna maso anali atayamba kuchita khungu, ndipo nyumba ya ku Mtiya inkayang'ana ine. Ntchito za boma sizinkapezeka pamsewu. Ndinkadziuza kuti ndidikire ndikhazikike kaye, nkhaniyi ndidzaiyambe ndili ndi mpando. Koma m'mawa uliwonse ndinkayenera kupukuta galasi lija, ndipo ndinapezeka kuti nanenso ndikupukuta nkhope nditatembenuzira kukhoma. Mtsikana wovina uja anachoka m'maganizo mwanga. M'malo mwake munabwera mayi woima pakhomo pa nyumba ya eni, manja ataphimba pamimba, akudikira kuti wina amubwereke nsalu. Tsamba la tsiku lomaliza alendo asanabwere lili ndi mawu ochepa kuposa masamba onse a m'makope anga. Pamwamba ndinalemba kuti ndadzuka ndi mantha. Pansi ndinalemba kuti: "Mawa ndimuveka."

Ndinafika m'mawa dzuwa lisanalowe pakhomo. Makiyi a makabati ndinkawasunga ine chifukwa chopukuta fumbi. Ndinasamba m'manja, ndinavala magolovesi, ndinatsegula. Pomasula mikandayo pa thabwa lija ndinamva kafungo ka mafuta a nsatsi, kakutali kwambiri, ngati kakuchokera m'chipinda china. Nditaitambasula pa nsalu yoyera ndinaona chimene sichinkaoneka ili yozungulizidwa. Ulusi wake unalumikizidwa malo atatu, paliponse ndi mikanda yosiyanako pang'ono, monga amachitira munthu thupi likamakula, mwina mwana akabadwa. Koma chakumapeto kunali mfundo imodzi yaikulu yopinda ulusi kuti ufupike, monga amachitira munthu chiuno chikaonda. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana mfundo imeneyo. Kenaka ndinakulunga mikandayo, ndinaiika m'bokosi la mlombwa m'chipinda chosungira katundu, ndipo ndinalemba m'buku la katundu nambala yake, malo ake atsopano ndi dzina langa, kuti wina asadzanene kuti yabedwa. M'kabati yopanda kanthu ndinaikamo kapepala kolemba ndi dzanja: "Chinthu chimene chinali pano ndi cha amayi. Mayi amene akufuna kuchiona afunse, tidzamuonetsa mwaulemu." Amenewo anali mawu oyamba a Chichewa kulowa m'kabati ya nyumba imeneyo.

A Makwinja anafika limodzi ndi alendo, abambo atatu ndi mayi mmodzi. Monga mwa nthawi zonse anawatsogolera ku kabati yoyamba akulankhula, dzanja litatambasuka kale, ndipo mawu anawathera pakamwa. Wamkulu wa alendowo anawerama nkuwerenga kapepala kanga mokweza. Wina anatsokomola. Mayi uja anayang'ana thabwa lopanda kanthu, nayang'ana ine, nayang'ana nsapato zake. Ulendo wonse unatha mwamsanga. Alendo atapita, a Makwinja sanakalipe. Anangondiuza ndi mawu awo a pa maliro kuti ndaphwanya malamulo awiri mwa atatu tsiku limodzi, pamaso pa akuluakulu, ndipo fayilo yobiriwira anaiika m'kabati nkukiya. Kenaka anaitana Che Jafali kuti akatenge mikandayo aibwezere pamalo pake.

Che Jafali anavula kofia nkuipinda m'manja. "Bwana, udzu nditchetcha, chimbudzi nditsuka. Koma mkazi wa mwini sindimugwira m'chiuno."

A Makwinja anati chabwino, adzabwezera okha Lolemba. Kiyi wa bokosi anandilanda nkumuika m'thumba la jekete. Lolemba lisanafike kalata inabwera, ndipo imeneyi yokha sinachedwe. Sanandichotse ntchito, koma sanandikhazikitse. Ananditumiza pamwamba pa phiri.

Zaka ziwiri pamwamba pa phiri

Kumeneko kunali kachipinda kamodzi ka matabwa m'mphepete mwa nkhalango, nthambi ya myuziyamu yathu imene aliyense ankaikana. Munali miyala, zidutswa za mitengo zokhala ndi maina a Chilatini, ndi agulugufe obayidwa ndi mapini amene mapiko awo anali atayamba kusanduka fumbi. Ndinkakwera Lolemba pa lole ya matabwa nkutsika Lachisanu, abambo ndikuwasiya m'manja mwa azakhali. Masabata oyamba ndinkalira. Koma phiri lili ndi njira yake yotonthozera munthu. Nkhungu inkalowa pakhomo ngati mlendo wozolowera, nkuyendayenda pakati pa mashelefu, nkutulukira pazenera. Masiku ena tauni yonse inkasowa pansi pa mitambo, ine nkumaganiza kuti a Makwinja ndi fayilo yawo ali pansi pa nyanja yoyera, ndipo palibe kalata ingakwere kudzandipeza. Kukayera ndinkaona Chilwa ikunyezimira kutali ngati lichero la malata loiwalika pabwalo.

Zosowa zinali zambiri. Polishi kunalibe, mapepala olimba kunalibe, inki inkauma m'botolo. Kusowa kwa polishi kunandithandiza, chifukwa pansi pa matabwa wamba palibe ankaopa kupondapo. Pakhomo pankadutsa amayi osenza nkhuni, mitolo yaitali kuposa iwo eni, akutsikira ku tauni. Ndinakumbukira mvula ija ndipo ndinasiya kudikira m'kati. Ndinaika benchi panja ndi ndowa ya madzi akumwa. Munthu akati odi ndinkayankha, nkumulonjera kaye, kufunsa za kunyumba, za miyala pambuyo. Amayiwo akatula mitolo ankalowa kudzaotha mbaula yanga, ndipo ankanunkhiza zidutswa za mitengo zija nkundiuza kuti uwu ndi wakuti, utsi wake umalowa m'maso, uwu sutenthedwa pa nyumba ya mwana wakhanda, uwu makungwa ake ndi a m'mimba. Ndinkadula makatoni a sopo nkulemba zimenezo pansi pa Chilatini, pamodzi ndi dzina la amene wandiuza. Mayi wina anabwera ndi mwamuna wake Lamulungu, ine kulibe, nkumuonetsa dzina lake kudzera pazenera.

Za kumunsi ndinkazimva kwa Che Jafali ndikatsika. Lolemba lija a Makwinja anatenga kiyi nkupita ku chipinda cha katundu, koma potuluka ndi bokosi anapeza Abiti Saidi ndi anzawo atakhala pa khonde, akuti abwera kudzaona miphika. Anabwerera nalo. Lolemba linalo zinachitikanso chimodzimodzi. Amayiwo sankanena kanthu za mikanda, ankangolonjera bwana mwaulemu nkulowa. Anayamba kubwera ndi anzawo a ku Matawale, kenaka ndi ana awo aamuna, kenaka ndi apongozi. Ena ankawerenga kapepala kanga nkupempha kuona chinthu cha amayicho, ndipo a Makwinja ankayankha kuti woyang'anira zimenezo ali ku phiri.

Chaka chachisanu pa ntchito, mwezi wa Epulo

A Makwinja anandiitanitsa mvula itangotha. Ndinawapeza atakalamba kuposa mmene zaka ziwiri zimakalambitsira munthu. Kapepala kanga kanali pomwe ndinakasiya, inki itayamba kufuwira. Fayilo yobiriwira inali pa desiki, yosainidwa. Sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere. Anapisa m'thumba la jekete nkutulutsa kiyi uja, nati wakhala akuwabowolera thumba.

Ndinalimba mtima nkuwafunsa chimene chinkandivuta nthawi yonse ndili ku phiri. "Bwana, kodi inu simunkadziwa kuti mikanda ija ndi ya chiyani?"

Anayang'ana pazenera, kumene amayi anali kuyala nthochi pansi pa mango. "A Esinati, mukuganiza kuti ine kunyumba kulibe mkazi? Ndinadziwa tsiku loyamba. Koma kapepalako kanali kotayipa, ndipo ine ndinkadikira kalata."

Kuyambira chaka chimenecho, Lachinayi lililonse masana tinkatseka chitseko cha chipinda chapakati, amayi okhaokha nkukhala pa mphasa, bokosi nkutsegulidwa. Wophunzitsa sanali ine, anali Abiti Saidi. Ankabwera amayi a mpingo ndi a ku mzikiti, anamwino, atsikana a ku koleji amene anakula ngati ine. Pofika pa mfundo yofupikitsa ija, nthawi zina wina wachikulire ankayamba kusimba za chaka chimene kwawo anadya mizu. Mwambo umenewu ulipobe mpaka lero. Ine ndinagwira ntchito m'nyumba imeneyo mpaka kupuma, ndipo mpando wa a Makwinja sindinaukhalepo, chifukwa zaka ziwiri za ku phiri zinanditsatira m'fayilo moyo wanga wonse. Tsiku lina Abiti Saidi, atafooka kale, anabwera ndi mwana wawo wamkazi Mariamu nkundipatsa kaphukusi. Munali chitenje chobiriwira chija cha maluwa achikasu. Anati ndichisunge, mwina tsiku lina eni nyumba adzavulanso. Anamwalira mvula yotsatira.

Lachiwiri lomweli, madzulo

Nkhungu yachoka, phiri labwerera pamalo pake. Ndakhala tsiku lonse ndi makope pamiyendo ndikuganiza za funso la a Mayi Mbewe. Iwo akufuna chimene ine ndinkafuna pamene ndinadula mzere kawiri pansi pa mawu akuti "onse", ndipo sindingawadzudzule. Miphika ajambule, misampha ajambule, makatoni anga a sopo ajambule ngati alipobe. Koma foni ndi khomo lopanda chitseko, ndipo mayi wa mfundo uja anaima kale pakhomo zaka zokwanira. Komabe yankho limeneli si langa ndekha, ndipo nthawi ija ndinaphunzira kuti za eni amafunsa eni.

Ndatsegula sutikesi ndipo ndapeza chitenje chija pansi pa makope, chikununkhira mankhwala a njenjete, maluwa ake akadali achikasu. Mawa ndidzuka m'mawa, ndichisita, ndikwera minibasi ya ku Songani. Ndikati odi kwa a Mariamu, ndikawafunse ngati alola kuti chitenje cha mayi awo chikalowe m'kabati yoyang'anizana ndi khomo, dzina lawo lili pansi pake. Akalola, ndikachipereka kwa a Mayi Mbewe ndi manja awiri, ndikawauze kuti bokosi likhale lotseka, ajambule chitenjechi.